A Jaji ndi Benchi ya Kumbuyo

Ndikulemba izi chifukwa nyuzipepala zikutamanda malemu a Jaji, msilikali wakale amene anadzakhala woweruza wamkulu, koma palibe amene akutchula amayi anga.

Dzulo mnzanga wa ku koleji ankapukuta nsapato, ndipo fungo la polishi linandibwezera ku tchalitchi chathu cha ku Pamodzi. A Jaji anali mkulu wa mpingo. Akamadutsa, fungo limeneli linkawatsogolera, mamendulo akugundana pachifuwa.

Amayi atathawa nkhonya za bambo anga, akulu a mpingo anawaitana. Ine, ndili mwana wamng'ono, ndinapita nawo nditagwira chitenje chawo.

"Bambo, mwamuna wanga wandithyola mkono," anatero amayi.

"Mayi, ku nkhondo wothawa tinkamuwombera," anayankha a Jaji. "Mukapanda kubwerera, Mgonero simudzadya. Muzikhala kumbuyo."

Ine ndinakondwa, poti benchi ya kumbuyo inali pafupi ndi khomo, pa kamphepo kozizira. Ndinawachitira a Jaji sawatcha ya chisilikali powathokoza, iwo nandisisita mutu.

Amayi anabwerera kwa bambo chifukwa chofuna Mgonero. Mkono uja unathyoledwanso.

Inu amene munalipo, ngati ndalakwitsa mawu ena, ndilembereni ndikonze. Za mkonowo musavutike, ndimauona ndekha ndikapita kwathu.