Keziya ndi nkhalamba ya pawindo

Mukafika ku Lupembe mufunse za Keziya wogulitsa mpunga, akuuzani zinthu ziwiri: pakamwa pake ndi pa moto, koma ulemu ngwake. Kwathu kuno mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sayang'anana ndi apongozi aamuna, ndipo Keziya mwambowu anaugwira kuposa tonse. Akangomva kuti a Manase, bambo a mwamuna wake, akubwera, amalowa m'chinangwa ndi dengu kumutu. Mpaka ana anakula, awiriwa sanaonanepo maso. Ankanyada nazo, nanga! Ife akamwana a masiku ano ankatitcha mbuzi.

Ndiye chaka cha kolona chija mwana wake Ipyana anakonza ukwati ku Joni, natumiza matikiti a ndege kwa mayi ake ndi agogo ake a Manase. Anakwera mabasi osiyana mpaka Lilongwe, monga mwa lamulo. Koma za mipando ya m'ndege mwana wa m'tauni anaziganiza? Ayi ndithu.

Keziya anapeza pawindo pali nkhalamba ya suti, masiki mpaka m'maso, chipewa chotsitsa. Iyenso masiki, duku. Anapatsana moni m'Chichewa ngati alendo.

Ndege itangonyamuka, nkhalamba ija inayamba kunjenjemera. Mtsikana wa m'ndege anadutsa osaona kanthu, poti nkhope ya mantha inali m'nsalu. Keziya ndiye anaona mawondo akugundana.

"Iii, bambo aakulu chonchi! Akazi anu akudziwa kuti ndinu amantha?" anatero, nawagwira dzanja. Anawapukuta thukuta pachipumi ndi chitenje chake, kuwaseka, kuwafunsa ngati anavala thewera. Nkhalamba inaseka mpaka kutsokomola.

Mtima utakhala pansi, inayamba kufotokoza. "Ndikupita ku ukwati wa mdzukulu wanga Ipyana. Mayi ake ndi mkamwana wanga, munthu waulemu zedi. Nkhope yake sindiidziwa, koma mkazi wanga atamwalira ndi iye amanditumizira chakudya tsiku lililonse. Ndimalakalaka nditamuthokoza ndisanafe, koma ndidzera pati?"

Mayo ine! Keziya akuti magazi anauma. Chinangwa choti athawiremo palibe, lamba wam'manga m'chiuno, thewera lija walitchula kale. Anabweza dzanja msangamsanga, nakoka duku kuphimba maso, n'kufuula m'Chinkhonde kuitana mayi ake amene anamwalira kalekale.

A Manase atamva Chinkhondecho anazindikira kuti ndi ndani. Anatembenukira kuwindo, khosi gwa. Keziya anangoti basi, dzina langa lathera m'mitambo, mawa Lupembe yense amva.

Kenaka ndege inalowa m'mabampu, makapu n'kugubuduzika. Nkhalamba ija, maso ali kuwindo komweko, inatambasula dzanja pang'onopang'ono.

"Mayi, ine sindikukudziwani, ndipo sindidzakudziwani," inatero m'Chichewa. "Koma mukakakumana naye mkamwana wangayo, mukamuuze kuti ndathokoza. Tsono bweretsani dzanjalo, ndikufa kuno."

Keziya anapereka, misozi ikunyowetsa masiki.