Mpanda wa Chitsulo Pakhomo pa Mzikiti

Msewu wathu ndi wakale kuposa tauni yomwe. Azibambo athu atachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'mapurazi, minda ikuluikulu ya fodya, anaumba okha njerwa n'kumanga mzikiti, anzawo n'kumanga tchalitchi kutsidya kwake. Chaka china akuluakulu a tauni anati msewuwu uli ndi mbiri, uyenera kukongola. Kukongola kwakeko! Anazika mpanda wa chitsulo wolekeza m'chiuno kutsogolo kwa mzikiti, wautali mpaka pakona, ati makombi, maminibasi onyamula anthu, asamaime pakhomo. Kanjira kotsala pakati pa mpandawo ndi khoma, munthu wonenepa amadutsa chammbali. Palibe anatifunsa kuti maliro timatulutsa bwanji.

Ife Asilamu timanyamula jeneza, chithatha cha maliro chija, pamapewa, amuna uku ndi uku, tikulandizana mpaka kumanda. Umu ndi momwe timatsanzikirana.

Ndinali ndi mnzanga amene tinakulira limodzi mukomboni. Mapurazi atagawidwa anthu anabalalika, ena ku Banket, ena kumigodi, ndipo okalamba tinatsala awiri. Ankakonda kundiseka: "Achimwene, ndi mawondo anuwa, tsiku langa mudzandigwetsa."

"Inu khalani chete," ndinkatero ine. "Ndidzakunyamulani kutsogolo, anthu akuona."

Anamwalira nthawi yokolola fodya. Pomupempherera tinali amuna asanu ndi awiri basi. Potuluka, jeneza inakakamira pampanda. Kutembenuza, ayi ndithu. Kupendeketsa maliro, Mulungu atikhululukire, sitikanatero. Shehe anaitana madalaivala a makombi, omwe tinkakangana nawo tsiku ndi tsiku chifukwa cha phokoso. Anavula zipewa, n'kulandira jeneza pamwamba pa mpanda. Anzanga analumpha kuwatsatira. Ine mwendo unakana. Ndinayesa kawiri, mkanjo n'kukodwa pachitsulo. Manyazi ake!

Ndinatsata kanjira kaja ndi ndodo yanga mpaka pakona, ndekha. Maliro athu sadikira munthu panjira, amafulumira. Ndinkangoona nsalu yobiriwira yokuta jeneza ikunka ichepa kutsogolo. Sindinasungulumwepo chotero, ngakhale tsiku limene ndinaika mkazi wanga.

Ndinafika kumanda atamutsitsa kale. Mnzanga wa zaka zonsezo anamunyamula anthu osadziwa n'dzina lake lomwe. Ine ndinangoponya dothi katatu.