Mango a Luwiza

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi chaka chimene achemwali anga a Luwiza anamwalira kutsidya kwa malire. Tinkakhala m'mudzi wina kufupi ndi Nayuchi, nthawi imene njanji inali itangofika kumene, ndipo ana tonse tikamva sitima ikulira tinkasiya chilichonse n'kuthamangira komweko. Amayi anatenga Luwiza kupita naye ku Mozambiki kukazonda amalume amene ankadwala. Malungo anamugwirira komweko, ndipo anangogona masiku atatu. Kutsidyako kunali asilikali ponseponse, moti bambo sanathe kupita kumaliro. Tonse tinkadziwa kuti manda amenewo sitidzawaona.

Amayi anabwera okha. Pansonga ya chitenje chawo anamangapo dothi la pamanda lodzaza dzanja limodzi, ndi njere ya mango amene Luwiza anadya komaliza. Njereyo anakaikwirira pamodzi ndi dothilo kumapeto kwa munda wathu, pamalo pamene Luwiza ankakonda kukhala akamaingitsa mbalame m'mapira. Itamera, anaitchingira ndi minga. M'mawa uliwonse ankapita ndi chikho cha madzi, n'kugwada, n'kumalankhula ndi kamtengoko m'Chilomwe motsitsa mawu. Masamba ake oyamba anali ofiira, ofewa ngati khutu la mwana wa mbuzi.

Vuto linali lakuti malo amenewo anali pamalire ndi munda wa a Che Amidu, anansi athu Achisilamu. Anali bambo wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo tinkakhala nawo bwino kuyambira kale. Tikafuna kupha nkhuku kapena mbuzi, bambo ankandituma kukawaitana kuti adzazinge iwo mwa Chisilamu, n'cholinga choti nawonso a kwawo adye nafe. Koma kamtengoko kanabweretsa manong'onong'o. Akazi awo a Che Amidu ankafunsa anzawo kuchitsime kuti ndi mtengo wanji umenewu wodzalidwa ndi dothi la kumanda, komanso bwanji pamalire penipeni. Ena ankati Alomwe aja akutsirika munda kuti akoke dzinthu za anzawo. Ena ankati mtengo ukakula, malire amasuntha. Amayi anazimva zonsezi, ndipo kuyambira pamenepo munthu wa kwa Che Amidu akangoyang'ana kumunda kwathu, iwo ankazisunga mumtima.

Tsiku lina m'chilimwe, titakolola, ndinali ndi mbuzi zathu kumundako. Sitima inalira. Ndinamangirira mbuzi yaikulu pachitsa pafupi ndi minga ija, ndi mfundo ya changu, n'kuthamanga. Pobwerera ndinapeza chingwe chili pansi, minga itakankhidwa, ndipo kamtengoko kali kopanda tsamba ngakhale limodzi. Nsonga yake inali yotafunidwa, khungwa litasendeka. Aliyense akanangoona akanadziwa kuti ndi mano a mbuzi, ndipo woweta mbuzi pakhomo pathu ndinali ine.

Sindinaope chikwapu chokha. Ndinaopa nkhope ya amayi. Choncho ndinatulutsa kampeni kanga kosemera malegeni, n'kudula kamtengoko bwinobwino m'munsi mwa pamene mbuzi inatafuna, kusiya kachitsa kotalika ngati chala. Chotafunidwacho ndinakachiponya m'dzenje la chiswe. Ndinafufuta mapazi a mbuzi ndi nthambi, n'kubwezera minga m'malo mwake. Nzeru za mwana zinathera pakuti asadziwe kuti ndi mbuzi. Sindinaganize kuti pamene padula mpeni, anthu amafuna mwini mpeniyo.

M'mawa mwake amayi anabwera kuchokera kumunda madzi akadali m'chikho. Sanalire. Anakhala pansi pakhonde n'kuuza bambo kuti munthu wapha Luwiza kachiwiri, ndipo wodula mosalala chonchija ndi munthu wozolowera mpeni. Bambo anayesa kuwaletsa, akuti tisatchule dzina la munthu tisanaone ndi maso. Amayi anawafunsa kuti m'mudzi monse muno ndani amanola mpeni tsiku ndi tsiku. Ine ndinali pomwepo, kampeni kali m'thumba la kabudula, kakundiotcha ntchafu.

A Che Amidu atamva kuti akutchulidwa, anabwera kumunda kudzaona. Anagwada, anayang'ana kachitsako nthawi yaitali, kenaka anatola kanthu pansi pa minga n'kukafinya ndi zala. Zinali zitosi za mbuzi zimene sindinazione pofufuta. Anadzuka, anandiyang'ana ine, ndipo anangouza amayi kuti iwo sanadule, Mulungu akuona. Amayi anayankha kuti Mulungu yemweyo anaonanso amene ankadandaula za malire kuchitsime.

Kuyambira tsiku limenelo nkhuku bambo ankapha okha, ndipo mbale sizinadutsenso pakati pa nyumba ziwirizi. Amayi anatiletsa kulandira ngakhale chinangwa kuchokera kumeneko. Mwana akatsokomola kwathu, ankayang'ana kwa Che Amidu. Nkhuku ya kwawo ikafa, iwo ankayang'ana kwathu. Ine ndinkakayikira aliyense: ndikaona anthu awiri akunong'onezana ndinkati akunena za ine.

Patapita milungu ingapo ndinakumana nawo a Che Amidu panjira yopapatiza ya kudambo, popanda pothawira. Anaima, n'kunena mofatsa:

“Juwawo, mbuzi sidziwa kanthu, komanso mpeni sudziwa kanthu. Ine sindikawauza amayi ako. Ukawauze wekha, lisanafike dzinja.”

Ndinangoti sindikudziwa chimene akunena, n'kudutsa.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti a Che Amidu ankadzera kumundako m'mamawa pochokera kumzikiti, n'kumathira pakachitsako madzi otsala m'ketulo yawo yosambira asanapemphere. Amayi anali atasiya kupitako chifukwa mtima sunkawalola. Kachitsako kanaphuka timasamba tiwiri tofiira. Ine ndinatiwona poyamba, ndipo ndinasangalala, ndikuti nkhani yatha yokha, palibenso chifukwa choululira.

Koma m'mawa wina amayi, popita kukatola nkhuni, anawapeza a Che Amidu atawerama ndi ketulo pamwamba pa kamtengoko. Ndinamva mawu awo ndili kukhola, ndipo ndinathamangirako. Amayi ankafunsa kuti m'madzimo mwasakanizidwa chiyani, ndipo munthu amene anadula mtengo angaufunirenso zabwino bwanji. A Che Amidu ankati ndi madzi chabe, ngakhale kumwa akhoza kumwa pomwepo. Anatembenukira kwa ine n'kudikira. Ndikukumbukira kuti panali kamphepo, ndi fungo la udzu wopsa. Ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga.

“Luwiza wanga sakhala m'manja mwa adani,” anatero amayi.

Anakumba ndi manja awo, n'kuzula kamtengoko ndi mizu yomwe, n'kukaponya m'munda mwa a Che Amidu. Dothi la pamalopo analikokolola n'kulimanganso pachitenje. Dothi limenelo tinadzawaika nalo amayi m'manda patapita zaka zambiri, ku Phalula, kumene tinasamukira mkangano utakula. Anamwalira akukhulupirira kuti a Che Amidu ndiwo anadula mtengo wa Luwiza. Ndinawadwazika miyezi inayi, ndinkawatembenuza ndi kuwamwetsa phala, koma pakamwa panga sipanatseguke.

Sukulu ndinayamba mochedwa, ndili ndi ndevu kale, ya akuluakulu ya masana. Nditadziwa kugwira cholembera, chinthu choyamba chimene ndinafuna kulemba chinali kalata kwa a Che Amidu. Ndinailemba kangapo, koma sindinaitumize. Pamene ndinalimba mtima n'kukwera sitima kupita ku Nayuchi, tsitsi langa linali litachita imvi, ndipo iwo anali atagona kalekale. Ndinapeza mwana wawo wamkazi, Abiti Amidu, amene tinkathamangira limodzi sitima. Nayenso anali atakalamba, ndipo anandiyang'ana kwa nthawi ndithu asanandiyalire mkeka, ngati akuganiza kuti ndabwerera za munda.

Ndinamuuza zonse: mbuzi, mpeni, dzenje la chiswe. Anamvetsera akusenda nandolo, osadabwa. Anati bambo ake anawauza ali pafupi kufa, ndipo anawalamula kuti asadzandifunse. Kenaka analoza ndi chibwano mtengo waukulu wa mango kuseri kwa nyumba, umene mbuzi zinagona pamthunzi pake.

“Uwo. Bambo anautola tsiku lomwe amayi ako anauzula n'kudzaudzala apa. Ife timangoti mango a Luwiza. Adzukulu sadziwa n'komwe kuti Luwiza ndi ndani.”

Ndinapita kukaugwira. Thunthu lake linagawika pawiri kuchokera pansi, monga umachitira mtengo umene unadulidwapo uli waung'ono. Komabe mtima wanga, umene unazolowera kukayikira, unayamba kufunsa. Kodi kamtengo kozulidwa m'chilimwe kangapulumuke? Kodi mayiyu sanangondimvera chisoni, n'kundilozera mtengo uliwonse? Ndinabwerera kwathu ku Phalula ndi mango atatu m'thumba komanso funso limenelo, ndipo mpaka lero sindinalipezere yankho.

Njere imodzi inamera. Ndinaidzala kumutu kwa manda a amayi, n'kuitchingira ndi njerwa m'malo mwa minga. Ndimapitako ndi kachigubu ka madzi, ndipo anthu odutsa pamsewu amandiyang'ana m'mbali monga ankawayang'anira amayi. Sindibisa. Aliyense wofunsa ndimamuuza kuti ndi mtengo wa achemwali anga, ndipo woyamba ndinaudula ndine.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti tchimo langa linali mfundo yosalimba ija, kapena mpeni. Tsopano ndikuona kuti mbuzi inangodya masamba, ndipo chimene mpeni unadula chinaphukanso. Chimene sichinaphukenso ndi chimene ndinawononga m'mawa uja, pamene munthu wosalakwa anandiyang'ana n'kudikira, ine n'kuyang'ana pansi. Amayi anafuna malo amodzi okha pansi pano oti azigwadapo n'kutchula dzina la mwana wawo, ndipo ine ndinawasiya awazule ndi manja awo. Ngati Abiti Amidu ananena zoona, Luwiza anasungidwa zaka zonsezi pakhomo limene tinkaopa kulandirapo chinangwa. Ndikathira madzi ndimawauza amayi zimenezi, m'Chilomwe chochepa chimene ndikukumbukira, ndipo ndimayamba ndi mbuzi.