Geji ya pa vani ya malemu amuna anga

Ndinaganiza zopita ku Botswana patangopita miyezi yochepa titaika amuna anga. Inali nthawi ija mafakitale a muno mu Livingstone ankatseka zipata, ufa ukukwera mtengo sabata ndi sabata. Malemuwo anandisiyira nyumba kukomboni ya Nottie Broadie, mwana mmodzi wamkazi dzina lake Tisauke, adzukulu, ndi vani yadizilo yokalamba imene ankanyamulira ndiwo ndi makatoni kupita kumahotela ndi ku eyapoti. Abale awo anabwera kuchokera ku Katete ndi misozi yambiri, koma maso ali pa vani. Ndinkagona ndi makiyi m'chitenje mpaka tsiku limene anakwera basi.

Poti ine kuyendetsa sindidziwa, vaniyo ndinaisiya m'manja mwa mkamwini wanga, Ba Mweemba, Mtonga wofatsa. Kufatsako ndi kumene kunkandikayikitsa. Munthu wosakwiya amakhala kuti wabisa kanthu. Makiyi sindinawapatse pamanja ayi, ndinadzera mwa Tisauke, chifukwa kwathu mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, salankhulana mwachindunji, ndipo sakhala mpando umodzi.

Ndinawoloka mtsinje pa pantoni ya ku Kazungula chikwama chili pamimba. Ku Francistown ndinapeza ntchito yophikira amakaniko ndi madalaivala pagaraja ina yaikulu. Kachipinda kanga kanali kuseri, kakununkha girisi mpaka m'mabulangete. Chitswana sindinkachimva, ndiye miyezi yoyamba ndinkacheza ndi mphaka wa pagarajapo, amenenso anali wakuba. Lamlungu ndiye linkandipweteka. Ndinkakhala kumbuyo m'tchalitchi, nyimbo ndikuizindikira koma mawu ake achilendo, n'kumaimba Chinyanja changa chamumtima. Ndalama zinali zabwino, sindinama. Ndinkazisokera mumpendero wa madiresi a adzukulu n'kupatsa dalaivala wa lole, kenako uthenga wonena poti asomole ndinkaupatsira dalaivala wina. Awiriwo sankadziwana, ndipo ndinkaonetsetsa kuti asadziwane.

Mauthenga ochokera kunyumba ndiwo ankandisowetsa mtendere. Ana ali bwino, mvula yagwa, vani yafa pachikweza. Mwezi wina: ana ali bwino, vani yafanso pachikweza, hotela ina yatisiya. Ine pagaraja paja ndinali nditaona ndi maso anga madalaivala akuyamwa dizilo ndi paipi n'kugulitsa kuseri kwa mpanda, mawa lake n'kumauza abwana kuti injini ikudwala. Ndinati basi, Mweemba akumwa dizilo wa amuna anga. Ndinatsimikiza mtima kuti ndikabwerera ndikamulanda vani n'kuigulitsa, ndipo ngati banja la Tisauke lithere pomwepo, lithe.

Tsiku lina ndikupereka tiyi, ndinaona makaniko wamkulu akumangirira kanthu kozungulira ngati wotchi pa injini ya vani ina. Ndinamufunsa m'Chingelezi changa chothyokathyoka. Anati ndi geji yoonetsa mphamvu imene dizilo akuyendera popita ku injini.

“Ngati muthanki muli dizilo koma singano ikugwa, ndiye kuti galimoto ikudwaladi,” anatero. “Ikaima nji, galimoto n'kumayenda, wodwala ndi dalaivala wanu.”

Ndinagula yanga mwezi womwewo. Mboni yopanda m'bale, yosamwa mowa, ndinali ndisanaionepo.

Nditafika kunyumba, patatha zaka zingapo chichokereni, adzukulu anathamangira chikwama kufuna maswiti, ine n'kuyamba ndatulutsa geji. M'mawa mwake ndinaitanitsa Ba Sililo, makaniko wa Chilozi wa kumsika, n'kukhala pampando pafupi ndi boneti.

“Ba mayo, pitani mukapumule, nizakuitanani,” anatero.

“Ndapuma kale. Gwirani ntchito.”

Anadula paipi ya dizilo pakati pa fyuluta yosefa dizilo ndi pampu yaikulu ya injini, n'kulowetsapo kachitsulo ka njira zitatu. Kunjira yachitatuyo analumikizako paipi yopyapyala yopita ku geji, n'kumanga zolumikizira zonse ndi timakalampu. Kenako anamasula kabawuti ka pamwamba pa fyuluta n'kumapopa ndi chala mpaka thovu linatha, dizilo n'kuyamba kutuluka woyera. Kabawuti kalikonse kamene ankachotsa ndinkakasunga ine m'mbale. Thanki ndinakadzazitsa ndekha, n'kuikapo loko wanga.

Vuto linabuka pamene Ba Sililo anati gejiyo imanena zoona galimoto ikamakwera phiri itanyamula katundu, ndiye pafunika wina woyang'ana singano pamene Ba Mweemba akuyendetsa.

“Nizayang'ana ine,” anatero Ba Sililo.

“Inu mumamwera limodzi.”

“Ndiye ine, amama,” anatero Tisauke.

“Iwe ndi mwamuna wako.”

Panatsala ine. Koma mpando wakutsogolo ndi umodzi, ndipo chibadwire sindinakhalepo moyandikana ndi mkamwini. Ba Mweemba anangoyang'ana nsapato zawo. Mapeto ake geji anaimangirira ndi mphira kunja kwa galasi, mbali yanga, Tisauke n'kukhala pakati ngati khoma. Kumbuyo tinakweza matumba a kabichi ndi Ba Sililo pamwamba pake.

“Uwauze bambo a ana kuti ayendetse mmene amayendetsera masiku onse,” ndinatero.

“Akuti muyendetse mmene mumayendetsera.”

“Uwauze amayi kuti namva,” anayankha Ba Mweemba, maso ali pamsewu.

M'tauni singano inaima bwinobwino, ine mtima uku ukuti ndakugwira. Titayamba kukwera phiri cha ku Highlands, inayamba kunjenjemera. Ndinapukuta magalasi anga. Inatsika, n'kutsika, mpaka inagona pansi. Vani inatsokomola kawiri n'kuzima pansi pa mtengo wa mango, thanki ili yodzaza, kiyi wa loko ali pachifuwa panga.

Ndisanatsegule pakamwa, azimayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anali atanyamuka kale. Wina wonenepa, amene pambuyo pake ndinamva kuti ndi Bana Mutinta, anatola mwala waukulu pansi pa tebulo lake n'kuutsamiritsa kutayala lakumbuyo osayang'ana n'komwe. Wometa tsitsi anasiya munthu mutu uli theka. Aliyense anapita pamalo pake ngati anthu a kwaya.

“Ba Mweemba, lelo yachedwa kufa!” anakuwa Bana Mutinta. “Tenze tayamba kudandaula!”

Kenako anasuzumira pawindo langa. “Imwe ba gogo, selukani, mulemetsa motoka. Iyi vani ni ya apongozi awo, ali ku Botswana. Akuti ni nkhalamba yovuta, ikapatsa munthu moni ibwelela kuona ngati dzanja lake likalipo.”

Tisauke anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Ba Mweemba anagwira chiwongolero ngati akupemphera.

“Mwakhala mukukankha kuyambira liti?” ndinafunsa.

“Kuyambila uyu ali mumimba,” anatero, akuloza kamwana kamene kankathamangitsa nkhuku. “Tizacita bwanji? Muntu ali na bana. Akafika pamwamba apopa-popa, yalila, apita. Pobwela atisiyila kabichi.”

Ndinatsika, ndinavula nsapato za ku Francistown, n'kugwira pamene anandilozera. Tinakankha.

Madzulo ake Ba Sililo anatsitsa thanki. Pansi pake panali dzimbiri ndi matope, ndipo kasefa ka kukamwa kwa paipi kanali katatsekeka. Pamalo athyathyathya dizilo ankadutsa pang'onopang'ono n'kukwanira, koma paphiri injini ikafuna wambiri inkakomoka ndi njala. Amakaniko onse amene Ba Mweemba anapitako ankangosintha fyuluta. Zinyalalazo ndinazigwira ndi zala zanga, n'kuzinunkhiza, kuti nditsimikize kuti sanazithiremo dzulo. Zinali zakale, za nthawi ya malemu.

“Tisauke,” ndinatero, “uwauze bambo a ana kuti vani ndi yawo. Uwauzenso kuti nkhuku imene ndaphayi, chiwindi ndi chawo.”

Ba Mweemba anagwada kumene anali, kuseri kwa vani, n'kuwomba m'manja.

Ku Botswana sindinabwererenso. Geji anaiikira malo ake okhazikika, ndipo vani inayamba kukwera Highlands osatsokomola. Koma ndinalamula kuti ndikakhalamo ine, tiziima pamtengo wa mango paja ndigule tomato, ngakhale amadula kuposa kumsika. Ndinkamusankha mmodzimmodzi, ndikumutembenuza pansi.

Tsiku lina ndinaona mwala uja ukadali pansi pa tebulo la Bana Mutinta.

“Tayani mwalawo,” ndinatero. “Vani inachira.”

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. “Ba gogo, imwe mukhulupilila motoka?”

Anaukankhira mkati ndi phazi. Mkazi ameneyo ndinamukonda kuyambira tsiku limenelo.