Tonse Tikukula, Bambo

Dzina loti a Mawa sanabadwe nalo ayi, anawapatsa ndi makasitomala awo. Ukapita ndi nsapato yoyasama kukamwa pakhonde la sitolo ya zitsulo pomwe ankakhala, ankailandira ndi manja awiri, kuitembenuza uku ndi uku, kuidina pachidendene, kenako n'kunena kuti, "Bwerani mawa." Ukabwera mawalo, "Aa, guluu sanagwire bwino, bwerani mawa." Koma tisawanamizire. Mawa lenilenilo likafika, nsapato inkatuluka itasokedwa moti soli inkachita kutha yokha, msoko uli gwa. Zaka zoposa makumi awiri anakhala pakhonde limenelo ndi kabenchi kamodzi, bokosi la zida ndi mulu wa nsapato zomwe eni ake anaziiwala. Ana awo onse anaphunzira sukulu ndi singano imeneyo. Iwo ankanena okha kuti nzeru za m'kalasi Mulungu anawamana, koma zala anawapatsa za anthu awiri.

Vuto linayambira kumapazi, ndipo n'zochititsa manyazi kunena. Munthu wosoka nsapato, nsapato zake zomwe n'kuyamba kumuthina! A Mawa sanakayikire mapazi awo ngakhale pang'ono. Anakayikira mafakitale. Aliyense wokhala pakabenchi kudikira nsapato ankamva ulaliki womwewo, wakuti opanga nsapato masiku ano ndi mbava, akulemba nambala yaikulu pa kansapato kakang'ono kuti apulumutse chikopa. Anthu ankagwedeza mitu, poti akunena ndi katswiri. Ena mpaka ankakaifalitsa nkhaniyo m'maminibasi.

Anagula nambala yokulirapo. Patapita chaka nayonso inayamba kuluma. Anainyowetsa, kuithithimiza manyuzipepala, kuing'amba kumbuyo, mapeto ake anadzisokera masandasi a tayala n'kumauza anthu kuti mapazi amafuna mpweya. Chipewa chawo cha kutchalitchi chitayamba kukhala pamwamba pa mutu ngati chobwereka, mlandu unagwera akazi awo, akuti anachichapa ndi madzi otentha. Mayiwo anangoti, "Chipewa chimenecho ine sindinachikhudzepo chigulireni," n'kupitiriza kusita zovala. Mawu nawo anayamba kutsika. Kukwaya anawachotsa ku tena n'kuwaika ku besi, ndipo a Mawa anayenda monyada mwezi wathunthu, kuganiza kuti akwezedwa.

Mnzawo wometa tsitsi, yemwe kashopu kake kanali pafupi ndi khondelo, ndiye anali ndi yankho la zonse. A Mawa akadandaula za maondo, "Ndi kukula kumeneko, amwene." Akadandaula za thukuta losatha, za mutu wopweteka, za mkonono womwe akazi awo ankati ukugwedeza malata, "Ndi kukula kumeneko." Wometayo tsiku lina anachita kuima lezala ili m'manja n'kunena kuti chibwano cha a Mawa chikumutengera nthawi yaitali kusiyana ndi kale, koma anadziyankha yekha kuti ndi kukula. Onse awiri anaseka.

Zoseka zinatha pamene zinafika m'manja. Zala zinanenepa ngati nthochi, n'kuyamba kuchita dzanzi, makamaka chala chachikulu ndi ziwiri zoyandikana nacho, zomwe zimagwira singano. Ulusi ukakhala pakati pa zala, samaumva ngati ulipo kapena wagwa. Singano ikagwa pasimenti ankaikanda ngati nkhuku, osatha kuitola, mpaka anachotsa maginito m'sipika ya wailesi yakufa n'kumatolera. Maginitowo ankawabisa m'thumba la malaya kuti wometa asaone. Msoko unayamba kukhota. Mayi wina anabweza nsapato ya mwana wake yasukulu tsiku lotsatira, itamasuka, ndipo sanakalipe n'komwe. Anangoitenga n'kuwoloka msewu kupita kwa wosoka wina yemwe anali atangokhazikitsa benchi pafupi ndi sitolo ya mankhwala. Kusakalipako ndi komwe kunawapweteka a Mawa.

Anachita mantha, mantha enieni. Ntchito ina sankaidziwa. Munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu, wopanda satifiketi, zala zikamuthawa atsala ndi chiyani? Ndiye m'mawa wina anatseka bokosi, n'kupita kukaima pamzere ku kachipatala ka m'dera lawo.

Mkati anapeza dokotala wotopa kale, cholembera chili m'manja, maso ali pakhomo pomwe panadzaza anthu.

"Vuto n'chiyani, bambo?"

A Mawa anali atakonza mawu ambiri ali pamzere, koma onse anabalalika. Anangonena chomwe chinali pamtima. "Adokotala, ine ndikukula."

"Tonse tikukula, bambo."

"Ayi, ndikutanthauza kuti ndikukula ndithu. Chaka chilichonse."

"Ndiye mumafuna muzibwerera m'mbuyo?"

Namwino yemwe ankapinda nsalu pakona anaphulika ndi phwete. Dokotala naye anaseka. Ndipo apa ndi pomwe a Mawa amadzitukwana mpaka lero, chifukwa m'malo moika zala zawo patebulo, m'malo movula sandasi n'kuonetsa phazi, iwonso anaseka nawo. Anaseka kuposa onse, ndi besi yawo ija. Analandira timapilisi topha ululu, kuthokoza kawiri, n'kutuluka akumva ngati apambana mayeso. Atafika pamsewu ndi pomwe anazindikira kuti sananene kalikonse. "Chitsiru cha munthu," anadziuza, "thupi lonseli, pakamwa zii."

Amene anawapulumutsa ndi achemwali awo aakulu, omwe anakwatiwa kutali ndipo anali asanaonane nawo zaka zambiri. Anaimba foni kuti akubwera kudzacheza, a Mawa akawachingamire kudepoti. Basi inafika, achemwali anatsika ndi chikwama chawo, a Mawa anaima patsogolo pawo akumwetulira, manja atatambasula. Achemwaliwo anawalambalala. Anazungulira depoti yonse, kubwereranso, n'kuima pamaso pa a Mawa omwewo.

"Pepani bambo, simunaoneko munthu wina pano akudikira mlendo? Wochepa thupi, wa kankhope kakang'ono?"

"Achemwali, ndine."

Chikwama chinagwa pansi. Achemwali anawayang'ana kuyambira kuchipumi, mphuno, milomo, chibwano, mpaka kumapazi. Kenako anagwira pakamwa. "Mayo ine! Iwe, wakulanda ndani nkhope?"

Kunyumba sanadikire n'komwe kuti tiyi azizire. Anatembenukira kwa akazi a a Mawa. "Mlamu, mwamuna akusandulika m'nyumba mwanu, inu muli phee?"

"Nanga ine ndikanadziwa bwanji, alamu? Ndimawaona tsiku ndi tsiku. Ndimati ndi kukula."

"Kukula kwake kuti? Bambo athu anakula mpaka kuyendera ndodo, munamvapo kuti anagula nsapato zokulirapo? Munthu akamakalamba amafota, sachita kufufuma ngati buledi!"

A Mawa anayang'ana manja awo ali pamaondo, ndipo kwa nthawi yoyamba anawaona ngati manja a mlendo. Achemwali anaimirira, kuchotsa pakhoma chithunzi chakale cha a Mawa ndi akazi awo ali achinyamata, n'kuchiika m'chikwama. Analamula kuti m'mawa onse atatu apite kuchipatala chachikulu, ndipo a Mawa asatsegule pakamwa mpaka atafunsidwa.

Kumeneko anawatumiza uku ndi uku, mpaka anafika kwa dokotala wina wamkazi woona za matenda a mahomoni. Iyeyu sanafulumire. Anayang'ana chithunzi, kuyang'ana a Mawa, kuyang'ananso chithunzi. Anagwira manja awo n'kuwatembenuza monga momwe iwo amatembenuzira nsapato. Anawauza atulutse lilime, alume mano, anafunsa za mkonono ndi za thukuta. Anawatumiza kukatengedwa magazi, kenako kukalowa m'makina ojambula m'mutu, omwe a Mawa anati phokoso lake linali ngati agona pansi pa chigayo. Zonsezi zinatenga masabata. Atabwerera kukamva zotsatira, dokotala anawakhazika pansi n'kunena kuti, "Bambo, inu mukukula."

A Mawa anatsegula pakamwa kuti ayankhe mwachizolowezi. Achemwali anawaponda phazi, ndipo phazilo linali losaphonyeka.

"Sindikunena zaka," anatero dokotala. Anafotokoza pang'onopang'ono. M'thupi muli timadzi totchedwa mahomoni, tomwe timayenda m'magazi kunyamula uthenga, kuuza chiwalo ichi chichite chakuti, icho chileke. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono ngati njere ya nyemba, ndipo mwa ntchito zake kamatulutsa homoni yokulitsa mwana. Munthu akafika msinkhu, homoniyo imachepa. Koma mwa a Mawa pakachiwaloko panamera kachotupa, osati khansa ayi, ndipo kachotupako kakutulutsabe homoniyo mosalekeza. Mafupa aatali a miyendo anatseka kale, ndiye uthengawo ukugwera komwe kungamvere: manja, mapazi, chibwano, lilime, khungu, ngakhale mtima. Dzanzi lija ndi mnofu wa pamkono womwe watupa n'kufinya mtsempha wopita kuzala. Anawonjezera kuti homoni yomweyo imasokonezanso momwe thupi limagwiritsira ntchito shuga, n'chifukwa chake magazi awo aonetsa shuga wokwera, ndipo ofufuza akupezabe zina zomwe imachita m'mafuta ndi m'minofu ya munthu.

A Mawa anamvetsera mutu uli pansi. Kenako anati, "Ndiye kuti muli kapitawo m'mutu mwangamu yemwe sanauzidwe kuti nyumba inatha kumangidwa."

"Titero kumene."

"Zaka zonsezi ine n'kumanyoza mafakitale osalakwa."

Akazi awo anaseka misozi ili m'maso. Koma a Mawa anali ndi funso limodzi lokha, ndipo za mtima ndi za shugazo zinangowadutsa. Anaika manja onse awiri patebulo la dokotala, chinthu chomwe analephera kuchita tsiku lija. "Nanga izi? Ndidzasokanso?"

Dokotala sanawanamize. Anati mafupa omwe anakula sadzabwerera, nsapato zakale aiwale. Mnofu wotupa umatha kuphwa kachotupako kakachotsedwa, ndipo ambiri dzanzi limawachoka, koma mtsempha womwe wafinyidwa nthawi yaitali nthawi zina sudzuka. Lonjezo analibe. Opaleshoni yake, anati, amalowera m'mphuno.

"M'mphuno?" A Mawa anagwira mphuno yawo. "Chabwino. Njira ndiye ilipo yotakasuka, ngakhale wilibala ilowa."

Ankaseka choncho, koma akazi awo anaona kuti akuopa.

Anadikira nthawi yaitali kuti tsiku lawo lifike. Opaleshoni inachitika, anagona m'chipatala mphuno itatsekedwa ndi thonje, akupumira pakamwa ngati nsomba. Achemwali anabwerera kwawo atasiya malamulo okwanira boma lonse. Kunyumba thukuta linachepa, mutu unaleka kupweteka, akazi awo anati mkonono watsika moti tsopano akumva agalu a oyandikana nawo. Khungu la m'manja linayamba kuchita makwinya. Zonsezo a Mawa ankangoti, "Eya, zili bwino." Bokosi la zida linali pansi pa bedi, ndipo ankalidutsa ngati sakulidziwa. Ankaopa kulitsegula, chifukwa likadali lotseka ankatha kudziuza kuti mwina.

Akazi awo ndi omwe anatopa. Tsiku lina m'mawa analikoka bokosilo, kulipukuta fumbi, n'kuliika pakhomo. "Abambo, ine ndinakwatiwa ndi wosoka nsapato, osati mlonda wa mipando. Pitani mukaone. Zikakanika mubwere, tikhala pansi tiganize zina."

Pakhonde paja anapeza kabenchi kawo wometa atakasunga bwinobwino. Anakhala mpaka dzuwa kukwera popanda wobwera. Kenako kunatulukira bambo wina wonyamula katundu pamsika, yemwe mwina sanamve kuti a Mawa manja anatha, ndi jombo yong'ambika m'mbali. Anati adikira pomwepo, alibe ina yovala.

A Mawa anapaka ulusi phula. Anaika jombo pabondo, kulowetsa dzanja lamanzere mkati, n'kuyamba kuboola. Msoko woyamba unalowa, wachiwiri unalowa, wosakongola koma wowongoka. Pena chikopa chinali cholimba, anakankha ndi mphamvu, singano inapyoza mwadzidzidzi n'kukalowa m'chala cha mkati muja.

"Mayooo!"

Kufuulako kunatulutsa wometa m'shopu, kasitomala wake akutsatira thovu lili kumaso. Mwini jombo anadumpha n'kuyamba kupepesa ngati wabaya ndi iye. A Mawa anatulutsa dzanja, kadontho ka magazi kali pansonga pa chala. Chinkapweteka. Chinkapweteka zedi, ululu wake kumveka mpaka m'chigongono. Anachiyang'anitsitsa, n'kutenga singano ija, anthu onse akuona, n'kudzibaya dala pachala chinacho.

"Amwene, mwapenga?" anafunsa wometa.

"Nachonso chikupweteka," anatero a Mawa.

A Mawa, bambo wamkulu, chibwano ngati fosholo, analira pagulu osabisa nkhope. Atatha anapukuta maso ndi mkono wa malaya, n'kuuza mwini jombo kuti akhale pansi, ntchito yake sinathe.