Motosera Yokhota ya Achimwene

Achimwene anga anali amanzere, ndipo motosera yathu yochekera matabwa inkasonyeza zimenezo. Akamanola korente, unyolo wa mano uja, tupa inkadya kwambiri mbali imodzi, inayo nkumangoisisita. Ndiye makinawo akalowa mu bulugama ankakokera kumbali, thabwa nkutuluka ndi kamimba. Ndinawanyogodola zaka zambiri chifukwa cha kamimba kameneko. Iwo ankangoseka, amvekere wofuna thabwa lowongoka akagule ku Ulongwe.

Loweruka masana tinkakhala pakhonde. Kunola inali ntchito yawo, sankalola kuti ndigwire tupa. Ine ndinkatsuka filituru yosefa mpweya, kupala mwaye pa vela, pulagi ya injini ija, kusakaniza gazolina ndi oliyo m'chigubu. Ntchito yosakwana ola limodzi, koma ndi kukangana kwathu inkatha dzuwa litapendeka.

Anamwalira nthawi yokumba kachewere. Alamu anabwerera kwawo ku Domwe ndi ana, motosera anandisiyira.

Masabata atatu ndinacheka osanola, ndipo sunali ulesi. Mano aja anali momwe dzanja lawo linawasiyira. Makinawo akandikokera kumbali, ine nkumabweza, zinkakhala ngati tikukanganabe, ndipo sindinkafuna kuti zithe. Koma korente yobuntha sibisika. Utuchi unayamba kutuluka wosalala ngati ufa, chitsulo chinkatentha, mtengo nkumafuka utsi. Ndinaona kuti ndikapitiriza ndipha makina, ndiye kudya kwanga komweko.

Loweruka lina ndinatsuka filituru, ndinapala vela, ndinapukuta ngakhale posafunika kupukuta, mpaka chotsala chinali tupa basi. Ndinayamba ndi dzanja lamanzere, kuti mwina nditengere kanoledwe kawo. Tupa inaterereka, dzino linandicheka chala. Ndinamanga kansanza, nkugwira ndi lamanja. Dzino lililonse katatu, uku ndi uku mofanana, poti ine njira ina sindiidziwa. Pakhonde panali zii, kunkangomveka tupayo. Ndinasungulumwa kuposa tsiku la maliro, pajatu pamaliro pamakhala anthu.

Lolemba ndinakacheka kwa apulofesa ena opuma ntchito kufupi ndi Fonte Boa, omwe tinkawachekera kuyambira kale. Motosera inatsika mumtengo osandikoka ngakhale pang'ono. Mkuluyo ananyamula thabwa loyamba, natsinzina diso limodzi, naliyang'ana m'mphepete.

"Awa ndiye matabwa, bambo. Pepani kunena, malemu aja ankatipweteka nazo zokhota."

"Zikomo," ndinatero.

Sananame, ndipo mawu omwewo ine ndinali nditawanena kambirimbiri achimwene ali pomwepo. Koma tsiku limenelo ndinafuna kuwaikira kumbuyo, kunena kuti denga lomwe tinaima pansi pake anacheka ndi iwo ndipo silinagwe. M'malo mwake ndinakoka chingwe cholizira makina, nkucheka thabwa lachiwiri, nalonso linatuluka lowongoka.