Epuloni ya Nkhosa Yamphongo

Amuna anga atapuma pa ntchito yocheka matabwa ku Luwawa, anagula nkhosa zisanu, zazikazi zinayi ndi yamphongo imodzi, n'kulengeza kuti tizimwa tiyi wa mkaka wa nkhosa. Mkakawo unkangokwana kapu imodzi, koma ankamwera pakhonde kuti odutsa aone.

Chaka chachiwiri zazikazi zonse zinaswa mu Ogasiti, msipu utauma, ndipo zinaonda mpaka nthiti kuonekera. Mlangizi wa ziweto atabwera kuchokera ku Boma anati, "Bambo, izi zisakweredwe msanga. Zikatenga bere zili chonchi mkaka uuma, ana adzabadwa ofooka. Zipatseni madeya, yamphongoyo idikire mvula."

Khola tinali nalo limodzi. Yamphongoyo tinaimangirira pamtengo wa mango, koma inalira tsiku lonse n'kudula chingwe. Ndiye mlangizi anatiuza za epuloni, nsalu yolimba yoimanga pamimba kuti ikakwera pasachitike kanthu.

Ndinasoka ndine, ndi jinzi yakale ya amuna anga. Kuiveka kunatitengera m'mawa wonse. Inawagunda kawiri, kachiwiriko anakhalira m'beseni la madeya. Itatuluka, matumba a jinzi akulendewera, mayi wina wamasiye woyandikana nafe, amenenso ankaweta nkhosa, anaima n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Adada, nkhosa yanu yayamba ntchito ku ofesi?"

"Ndi kulera kumeneku, amama," anayankha amuna anga, osaseka.

"Yewo chomene. Mbwenu, ndiye kuti ife tinachedwa kudziwa."

Mpaka Disembala ndinkachapa epuloniyo Loweruka lililonse n'kuiyanika kuseri, kutali ndi zovala za kutchalitchi. Mvula itagwa tinaivula, ndipo amuna anga anawerenga ndi zala miyezi isanu: ana adzabadwa mu Meyi.

Anabadwa kumayambiriro kwa Malichi, onse a mitu yakuda. Yamphongo yathu inali yofiirira thupi lonse. Amuna anga anawerenganso zala, anayang'ana msoko wanga ngati unali ndi chibowo, kenako tinapita kwa mayi uja. Pakhomo pawo panagona chinkhosa champhongo cha mutu wakuda, chikubzikula.

"Zinkakumana kudambo masana aliwonse," anatero mayiwo. "Yanu inkangoima pambali ndi thalauza lake."

"Bwanji simunanene, amama?"

"Ndinkayesa ndi mmene alangizi anakonzera."

Anawo anakula bwino, poti anapeza msipu wobiriwira ndipo amawo anali atadya madeya okwanira. Chilimwe chotsatira amuna anga anandipempha kuti ndisoke epuloni ina ya kwa oyandikana nafe. Mayiwo anaitembenuza uku ndi uku, anayamikira msoko, n'kuibweza. Anati yawo sinazolowere kuvala, ndipo pa msinkhu umenewo sangayambe kuiphunzitsa. Mlungu womwewo amuna anga anayamba kudula mitengo ya khola lachiwiri, ndipo zazikazi zinasiya kupita kudambo.